Mafuta a nzimbe ndi chitetezo cha ana: tiwatume chiyani aphungu ku Lilongwe?

Mlembi wa gulu:
Moni nonse abale anga a ku Mangochi, apafupi ndi akutali omwe. Aphungu a dera lathu atumiza uthenga kuti Nyumba ya Malamulo ikamakumananso akufuna kukadzutsa nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya mafuta ochokera ku zomera, makamaka ethanol wa nzimbe amene amasakanizidwa ndi petulo. Yachiwiri ndi ya malamulo oteteza ana. Apempha kuti timve kaye maganizo a anthu kenako tiwalembere. Chonde za zipani tiziike pambali, tikambe nkhani ili pamphasayi.

Wakabaza wa pa Boma:
Ndiyambe ndine achimwene. Mafuta amenewa akabwera, mizere ya pa malo omwetsera mafuta itha? Ife petulo akasowa timakagula wa m'zigubu pamtengo woboola m'thumba, kasitomala naye n'kumatinena kuti ndife akuba tikakweza mtengo wopita ku Mpondasi. Ngati nzimbe zingatipulumutse, aphungu apite nazo mawa lomwe.

Makanika:
Achimwene, mafutawo si achilendo ayi. Petulo amene mumathira mu njinga yanuyo ali kale ndi ethanol. Dziko lino linayamba kusakaniza mu 1982, pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inadzayamba mu 2004. Amatenga molasisi, madzi akuda onata aja otsala akapanga shuga, n'kuwasasitsa ndi yisiti, kenako n'kutcheza monga amatchezera kachasu amayi akumudzi, kungoti wa kufakitale amamuchotsa madzi onse. Mlingo woikika ndi wakuti pa malita 100 alionse, 20 akhale ethanol, 80 petulo.

Chovuta n'chakuti molasisi sakwanira. Nzimbe zimadulidwa m'chilimwe, mvula ikalimba mafakitale a shuga amaima, ndiye a ethanol nawo amakhala ndi makina koma opanda chophika. Komanso musaiwale kuti 80 otsalawo amachokerabe ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amafuna ndalama zakunja. Madola akasowa mzere ubwera ndithu. Dizilo ndiye sakhudzidwa n'komwe, ethanol salowa mmenemo.

Wakabaza wa pa Boma:
Ndiye phindu lake lili pati amakanika?

Makanika:
Lilipo. Lita iliyonse yophikidwa ku Dwangwa ndi lita imene sitinaigule ndi madola, ndipo malipiro a anthu oipanga atsala kuno komwe. Ku Brazil anayamba zimenezi mwamphamvu mu 1975, lero ali ndi magalimoto oyendera petulo kapena ethanol, woyendetsa amasankha yekha pa pampu. Koma ndikuuzeni zoona: ethanol ali ndi mphamvu zochepa kuyerekeza ndi petulo, lita yake siyenda mtunda wofanana. Akamawonjezera mlingo, a MERA, bungwe loona za mitengo ya mafuta, aziwonetsa pamtengo wa pa pampu kuti wogula wapepukidwa. Apo ayi, wakabaza azingothira kawirikawiri pamtengo womwewo.

Mwini boti wa ku Makawa:
Che makanika, mwafika pamene ndimadikira. Aliyense akamakamba za mafuta amaganiza za galimoto za ku Lilongwe. Nanga injini za pa nyanja? Kuyambira ku Malombe, Makawa, Msaka mpaka ku Makanjira, chilimira chimayenda ndi petulo. Ine injini ikakhala osagwira ntchito nthawi ya mwera, pobwerera ndimapeza kabuleta yachita utoto woyera, pansi pa thanki pali madzi. Anyamata amati petulo wake ndi wosukuluka. Kodi si ethanol ameneyu?

Makanika:
Akhoza kukhala iyeyo bambo. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo pa nyanja chinyezi n'chosasowa. Madzi akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi, pomwe paipi imayamwira. Pa injini zosakaniza ndi oyilo zija n'zoopsa, chifukwa zimene zakhala pansizo zilibe oyilo. Mapaipi akale a labala nawo amafewa. Musamasunge petulo nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino, ndipo mukaimika injini muzitsanula kabuleta. Koma aphungu akafunse ndithu: asanakweze mlingo, ndani wayesa mafutawa pa injini za maboti ndi njinga zamoto? Injini kuzima usiku pakati pa nyanja si chimodzimodzi ndi galimoto kuzima pa msewu wa ku Liwonde.

Mlimi wa kwa Nankumba:
Ine mawu akuti mafuta a zomera akandifika m'khutu, mtima umathamangira ku msatsimanga. Zaka zapitazo kunabwera kampani ina ndi alangizi ake, anati bzalani m'malire a minda, tidzagula njere, mudzalemera ndi dizilo. Tinabzala ndi mtima wonse. Mitengo inatenga zaka kuti ibereke, zokolola zinali zochepa, mtengo wogulira unali wosalimbikitsa, kenako ogulawo anangoti zii. Mpaka lero mipanda ija ilipo, mbuzi sizidya, anthu sitidya. Choncho aphungu asatibweretsere mbewu ina popanda pangano lolemba lonena wogula, mtengo, ndi chochitika wogulayo akathawa.

China chimene ambiri sadziwa, njere za msatsimanga ndi poizoni. Zimaoneka ngati mtedza ndipo ana amatola n'kudya. Mdzukulu wanga anasanza ndi kutsekula m'mimba usiku wonse mpaka tinathamangira naye kuchipatala. Pobwera ndi mbewu ija palibe anatichenjeza.

Aphunzitsi a ku Namwera:
Pepani kwambiri agogo, tithokoze kuti mwanayo anachira. Nkhani yanuyi yandionetsa kuti aphungu sanalakwitse kunyamula ziwirizi pamodzi, ngakhale mwina iwo akuziona ngati zosiyana. Ine ndikuti zimakumana pa mwana mmodzi yemweyo.

Taonani. Ethanol ndi mowa. Amene sapita ku petulo amagulitsidwa kwa opanga zakumwa zaukali. Tonse tikukumbuka masacheti, mmene ana a pulayimale ankawabisira m'thumba la yunifomu mpaka boma linawaletsa mu 2015. Lero mowa womwewo uli m'timabotolo totsika mtengo, ndipo mnyamata wa Sitandade 7 amagula popanda womufunsa zaka. Tikachulukitsa ethanol m'dziko muno osaika mpanda, tichulukitsanso timabotolo. Lamulo linene poyera kuchuluka kwa wopita ku mafuta ndi wopita ku mowa, ndipo ethanol wophikira pa mbaula aziikamo mankhwala owawa kuti asamweke.

Chachiwiri ndi minda. Nzimbe zimafuna malo achonde okhala pafupi ndi madzi, omwewo amene ife timalimapo mpunga ndi chimanga cha kudimba. Banja likapereka dimba ku nzimbe, ndalama imabwera kamodzi pachaka m'manja mwa bambo, pamene dimba limadyetsa ana mwezi ndi mwezi. Ndipo tinaona ku fodya kuti mbewu ya ndalama ikafuna manja ambiri, oyamba kujomba kusukulu ndi ana.

Nachisale:
Aphunzitsi, apo pa kuphika ndikufuna ndiimepo. Ine ndimagulitsa mandasi ndi tiyi, thumba la makala likundidya phindu lonse. Makalawo mukudziwa kumene akuchokera, Namizimu ndi Phirilongwe zikutha tikuona. Ndipo amene amalawira m'mamawa kukatola nkhuni ndi atsikana athu, amafika m'kalasi mochedwa atatopa, ena amakumana ndi zoopsa kutchireko. Mbaula ya ethanol ndinaionapo kwa mnzanga ku Blantyre, ilibe utsi, poto sada. Koma botolo lake likamaposa mtengo wa makala palibe mayi wa ku Chimwala angagule. Aphungu akamenyere kuti msonkho pa mbaula ndi pa ethanol wophikira uchotsedwe. Kwa ine imeneyo ndi nkhani ya ana kuposa zonse.

Wophunzira zamalamulo:
Mayi Nachisale, mfundo yanu ndi yabwino, koma ndifotokozeko pamene mphamvu za phungu zimalekezera, kuti tisawatume zimene sangathe kenako n'kumawada. Gawo 57 la malamulo aakulu a dziko lino limati nkhani zokhudza misonkho ndi kugwiritsa ntchito ndalama za boma zimalowa m'Nyumba pokhapokha nduna ya zachuma itavomereza. Ndiye phungu wamba sangangodzuka n'kubweretsa bilu yosintha misonkho mmene wafunira. Chimene angathe ndi kufunsa nduna mafunso m'Nyumba, kubweretsa mfundo yake Lachinayi, lomwe ndi tsiku la aphungu wamba, kukakamira mu komiti, ndi kulimbana pa nthawi yokambirana bajeti. Bajeti ndiye bwalo lenileni.

Pa za ana, malamulo tili nawo ochuluka. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana, Child Care, Protection and Justice Act, ndi la 2010. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu n'kutseka khomo lija lolola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, ndipo anati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu ndi la 2015. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza. Ntchito yotsala ndi kuonetsetsa kuti malamulo onse akunena zaka zofanana, chifukwa la 2010 lija linalembedwa mwana ali munthu wosakwana zaka 16.

Wodzipereka woteteza ana:
Zikomo achimwene pofotokoza. Ine ndimagwira ntchito imeneyi kumudzi, ndipo ndikupempha aphungu kuti asakatibweretsere lamulo lina lokongola pa pepala. Atibweretsere miyendo ya malamulo alipowa.

Ndinene mmene zimakhalira. Uthenga umandipeza kuti mtsikana wa Sitandade 6 amulowetsa m'banja. Ndimapita pa njinga yakapalasa, ndimayankhula ndi amfumu, timamuchotsa. Kenako? Nkhani iyenera kukafika ku nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza (Victim Support), kwa a zachisamaliro cha anthu, kuchipatala, mwinanso kukhoti. Kuchokera kwa Makanjira kapena kwa Katuli kufika pa Boma ndi ulendo wa ndalama zambiri, makamaka dzinja. Ndinapitapo ku ofesi ina kukapempha kuti atiperekeze, anandiyankha kuti galimoto ilipo koma mafuta palibe. Mboni zimatopa, makolo amakambirana kuseri, mbuzi imasintha khola, nkhani yatha. Pakatha mwezi mtsikana uja wabwerera kwa mwamuna, chifukwa kwawo kulibe sopo, kulibe yunifomu, kulibe chakudya.

Ndipo ambiri a ife oteteza ana m'midzi sitili pa malipiro. Boma lathu lino la Mangochi pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ambiri mwa iwo ana. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, kuno ku Mangochi kunawerengedwa atsikana oposa 7,000 otenga mimba m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Anthu ongodzipereka sangasenze katundu wotere mpaka kalekale. Aphungu akafunse nduna: oteteza ana olipidwa alipo angati m'boma lino, ndipo chaka chino alemba angati?

Abiti wa ku Malindi:
Mwanangu wanena zoona, koma mundimvere inenso. Ndikulera zidzukulu zinayi. Bambo awo anapita ku Joni, chaka choyamba ankatumiza, kenako foni inasiya kulira. Mayi awo anakwatiwa kwina. Mwamuna akabwera kudzafunsira wamkuluyo atanyamula thumba la chimanga, inu mukuganiza kuti ndimakhala ndisakudziwa lamulo? Ndimalidziwa. Ndinakana, ndipo ndikanabe, koma ndimakana ndi m'mimba mopanda kanthu. Mtukula Pakhomo anandidumpha, akuti amatenga mabanja 10 okha pa 100 alionse. Musamatione ngati agogo oipa mtima.

Wodzipereka woteteza ana:
Anganga, palibe angakuweruzeni pano. Mwachita chinthu chachikulu pokana. Mawu anuwa ndi amene aphungu ayenera kukawerenga m'Nyumba monga mwawanenera. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Chiwerengero chotero sichingachokere ku nkhanza za makolo zokha. Ndi njala. Mwana wochotsedwa m'banja azilowa pa mndandanda wa thandizo tsiku lomwelo, ndi zofunika za kusukulu zomwe ngati ali ku sekondale.

Wa ku Joni:
Assalamu alaikum nonse. Ndikulemba ndili ku Johannesburg. Mawu a anganga andilasa mtima. Sindikuikira kumbuyo othawa ana, alipo ndipo timawadzudzula kuno. Koma ambiri tinachoka chifukwa nyanja inasiya kupatsa, chambo cha ku Malombe chinatha tikuona. Ngati nkhani ya ethanol ingabweretse ntchito yeniyeni kwathu, ine ndi woyamba kukwera basi. Koma ikhale ntchito ya akuluakulu, yolembedwa, osati ganyu yolipira pa mzere imene bambo amatengerako ana kuti amalize msanga.

Ndiwonjezere za chiphaso chobadwira. Kulembetsa mwana akabadwa kunakhala kokakamiza kuyambira 2015, koma ana ambiri kumudzi alibe. Mtsikana wa zaka 14 makolo amangoti ali ndi 19, ndani atsutse? Anyamata ang'onoang'ono amafikanso kuno atadutsa pa Chiponde kapena pa Mwanza ndi anthu osakhala abale awo. A NRB, olembetsa anthu m'kaundula wa boma, azifika m'midzi ndi m'sukulu, osadikira kuti agogo akwere galimoto.

Mwini boti wa ku Makawa:
Pa za ana ogwira ntchito ndiyankhuleko, chifukwa ndikudziwa kuti zala zikuloza ife a kunyanja. Ine nyanja ndinaiphunzira ndili mwana, bambo anga ndi amene anandigwiritsa nkhafi. Mukaletsa mwana kufika pa doko, adzadziwa bwanji kusoka ukonde ndi kuwerenga mphepo? Si onse adzakhale a mu ofesi.

Aphunzitsi a ku Namwera:
Bambo, ulemu wanu. Palibe akuletsa mwana kuphunzira kusoka ukonde Loweruka pafupi ndi bambo ake. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito yoika moyo pachiswe ndi yoletsedwa mpaka zaka 18. Kugona pa nyanja usiku wonse ndi nyali, kudumphira m'madzi kukakonza ukonde wakodwa, imeneyo si maphunziro. Ndinaphunzitsapo kufupi ndi doko. Usipa ukagwa, mabenchi a anyamata amakhala opanda anthu. Mnyamata akalawa ndalama ya usiku umodzi sabwereranso, ndipo ndalamayo imathera pa timabotolo tija ndi pa kanema. Akafika zaka 20 sadziwa kuwerenga ngakhale pangano la ngongole ya injini.

Mwini boti wa ku Makawa:
Za usiku ndavomera aphunzitsi. M'boti langa simukwera mwana wa sukulu usiku. Koma ine ndikakana amakakwera la mnzanga. Zikhale m'malamulo a komiti ya pa doko, kuti wopezeka ndi mwana alandidwe chilolezo, tonse mofanana.

A Shehe:
Wa alaikum salaam mwana wathu wa ku Joni, ndi moni kwa abale athu achikhristu. Ine ndinene mbali yathu atsogoleri a zipembedzo. Ukwati sumangidwa kutchire, umadutsa m'manja mwathu kapena mwa ankhoswe. Ine ndisanamange nikah ndimafunsa zaka ndi chiphaso, ndipo ena amandikwiyira n'kupita kwina. Aphungu akhale pansi ndi mashehe, abusa ndi mafumu, kwa Mponda, kwa Jalasi, kwa Chowe, konse, tigwirizane chimodzi. Ku Dedza Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ochuluka chifukwa anayamba ndi kumanga nyakwawa zawo pa pangano, wololeza ankamutsitsa pa mpando. Nafenso tingathe. Za jando ndi nsondo, zisalowe m'masiku a sukulu, ndipo anankungwi asamaphunzitse ana aang'ono za m'nyumba ya akulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nachisale:
A Shehe mwayankhula ngati kholo. Ndikumbutsenso za phala. Sukulu ikakhala ndi phala ana sajomba, ndi ku mkombaphala komwe. Pali thumba la chitukuko cha dera, aphungu atiuze poyera kuti chaka chino ndalama zingati zapita ku ana.

Wophunzira zamalamulo:
Pali njira yomangira ziwirizi pamodzi m'kalata yathu. Wopanga ethanol amayendera chilolezo. Aphungu angapemphe kuti chilolezocho chizikhala ndi mfundo zakuti m'minda yogulitsa nzimbe ku fakitale musapezeke mwana, malo a anthu asatengedwe popanda kuvomera kwa eni ake, amayi omwe, ndipo banja lisiyiridwe polima chakudya. Zimenezi sizifuna ndalama za boma, ndiye gawo 57 silingawatsekereze.

Mlimi wa kwa Nankumba:
Pamenepo pa amayi mulembe ndi zilembo zazikulu. Kuno munda ndi wa mbumba, mwamuna ndi mkamwini. Wobwera ndi pepala asakasainitse bambo pa sitolo, mwini dimba ali kumunda.

Mlembi wa gulu:
Zikomo nonse. Ine ndi achimwene a zamalamulo tilemba kalatayi usiku uno, amakanika atithandize ndime ya injini za maboti. Mawa ndiiponya pano kuti muikonze isanapite. Amene angathe kuijambula m'mawu a Chiyao kuti abale a ku Makanjira ndi ku Katuli aimvere, andipeze kumbali.

Wakabaza wa pa Boma:
Musanatseke achimwene. Sabata yatha ndinanyamula mtsikana wamng'ono ndi katundu wake, azakhali ake amakamusiya kwa mwamuna. Njira yonse amangolira. Mudzi ndikuudziwa, ndi nyumba yomwe. Ndilembe pano?

Wodzipereka woteteza ana:
Ayi achimwene, musalembe dzina kapena mudzi pagulu, mungamuike mwanayo pamavuto ena. Imbani 116 tsopano lino, ndi nambala yaulere yothandiza ana, muwafotokozere zonse. Kenako mundilembere kumbali. Mawa m'mamawa mudzanditenge pa njinga yanuyo tikaonane ndi amfumu a kumeneko, a petulo ndipeza.

Wakabaza wa pa Boma:
A petulo musavutike achemwali, ameneyo ndi wanga. Ndikupezani 6 koloko.